Lamulo lilipo, koma mwana akadali m'nyumba

M'midzi yambiri, mwana akafika zaka 5 asanayambe kuyankhula, kapena khosi lisanalimbe, anthu amangoti adalodzedwa. Ena amanong'onezana kuti makolo ake adamukhwimira kuti alemere. Mapeto ake mwanayo amatsekeredwa m'nyumba anzake akuthamangira kusukulu.

Komatu malamulo ali kumbali yake. Dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations loteteza anthu aulumali mu 2009, ndipo mu 2012 aphungu adakhazikitsa lamulo loletsa kuwasala pamaphunziro, kuchipatala ndi pantchito. Lamulo latsopano la mu 2024 lidasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA n'kulipatsa mphamvu zofufuza madandaulo.

Apa ndiye kuti mphunzitsi wamkulu akabweza mwana wa autism kapena Down syndrome, kholo lili ndi kokadandaula. Mabungwe a FEDOMA ndi PODCAM, lomwe ndi la makolo, amathandiza kukankha nkhani zotere.

Povuta ndi m'kalasi. Koleji ya Montfort ku Nguludi imasula aphunzitsi a maphunziro apadera, koma sakukwanira. Pakati pa ana oposa 100, wochedwa kugwira zinthu amangokhala duu kumbuyo mpaka belu loweruka.