LAND ROVER YAKALE IFUNA DISO LA MWINI WAKE

Wolemba Mtolankhani Wathu

M'midzi ya m'cigawo ca Kum'mawa, kuyambira ku Petauke kufikira ku Lundazi ndi ku Chama, mukali kupezeka magalimoto a Land Rover amene anapangidwa eni ake a lero asanabadwe. Magalimoto amenewa ndiwo anyamula cimanga ndi feteleza, ndiwonso athamangitsa wodwala kucipatala pakati pa usiku. Koma pamalo pamene pagona galimoto yotere sipalephera kukhala madontho akuda a oyilo, ndipo eni ake ambiri angowayang'ana ndi kunena kuti ndiwo ukalamba.

Kukalamba galimotoyi yakalambadi. Land Rover yoyamba inaonetsedwa kwa anthu mu 1948. Mtundu wochedwa Series II unatuluka mu 1958, ndipo Series III inapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985, motero ngakhale yomalizira yeniyeni yafika zaka 40. Mphira ndi magasiketi amene atsekera oyilo m'kati amauma ndi kung'aluka pakupita kwa zaka. Dontho limodzi kapena awiri pa usiku umodzi silipha galimoto. Cimene ciipha ndico kusadziwa kumene donthozo licokera ndi kusabwezeramo oyilo amene watayika.

Galimotoyi isunga oyilo m'malo osacepera 8: mu injini, mu giyabokisi, m'bokosi lacikulu limene ligawira mphamvu ku mawilo onse anai, m'madifu awiri, m'mipira iwiri yacitsulo ya kuseri kwa mawilo akutsogolo, ndi m'bokosi la ciongolero. Pofuna kudziwa podontha, yalani katoni yoyera pansi pa galimoto madzulo, nimuione m'mawa. Oyilo wa injini ali wakuda ndi wopepuka, pamene wa magiya, wochedwa EP90, ali wolemera ndi wa fungo lamphamvu.

Pali malo atatu ofunika kuwasamala koposa. Oyamba ndiwo m'kati mwa mawilo. Mukaona oyilo atanyowetsa tayala ca kumbali yam'kati, dziwani kuti mphira wa pa habu watha, ndipo oyiloyo angafike pa mabuleki. Mabuleki onyowa ndi oyilo sagwira bwino, ndipo galimoto ikokera mbali imodzi poima. Galimoto yotere siyenera kunyamula anthu isanakonzedwe. Kawirikawiri gwero la bvutoli ndi kaboo kopumira ka pamwamba pa ekiselo. Kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha usowa potulukira, tsono ukankha oyilo kupyola mphira. Kutsuka kabooka ndi nchito ya mphindi zowerengeka.

Malo aciwiri ndiwo pakati pa injini ndi giyabokisi, pamene pakhala kilachi. Pansi pake pali ciboo cimene citsekedwa ndi bauti pooloka mtsinje kapena dambo la madzi. Mutaoloka, bautilo licotsedwe, kuti oyilo wodontha kucokera kumbuyo kwa injini azigwa pansi. Likasiyidwa momwemo, oyilo adzaza m'katimo, kilachi niyamba kuterera pa citunda.

Malo acitatu saoneka ndi maso. Nthawi zina oyilo acoka mu giyabokisi ndi kulowa m'bokosi logawira mphamvu lija, popanda dontho lililonse pansi. Giyabokisi iuma mwakacetecete kufikira magiya ayamba kulira. Cifukwa cace mabokosi awiriwa ayenera kupimidwa pamodzi: oyilo afike pa mlomo wa ciboo cothirira, osapitirira ndiponso osacepera.

Oyilo wa injini apimidwe m'mawa uliwonse, galimoto ili pamalo osatsetsereka ndipo injini isanalizidwe. Amakaniko ambiri alangiza kusintha oyiloyu pamodzi ndi sefa yake pa makilomita 5,000 alionse, makamaka pa miseu yafumbi, ndipo oyilo wolemera wa 20W-50 ndiye ayenerera injini zakalezi. Musaiwale sefa ya mpweya, imene ili ndi mbale ya oyilo wogwira fumbi pansi pake. M'cilimwe mbaleyi isanduka matope msanga, ndipo ifunika kutsukidwa kawirikawiri. Oyilo wakutha asatayidwe pafupi ndi citsime kapena dimba, pakuti aononga madzi ndi nthaka.

Akulu anati zengerezu adalinda kwaukwau. Mphira wa pa habu ndi malita ocepa a oyilo sizilingana mtengo ndi giyabokisi yatsopano, imene lero kuipeza kwake nkobvuta. Mvula isanagwe, pamene miseu ikali youma, patulani tsiku limodzi la Ciweru, mulowe pansi pa galimoto ndi sipanala, nsanza ndi botolo la oyilo. Tsiku limene mudzi udzaifuna galimotoyo usiku, idzayenda.