Kuchotsa zilembo kumbuyo kwa galimoto yatsopano

Ndikaona galimoto yopanda zilembo kumbuyo, sindifulumira kunena kuti zinagwa. Nthawi zambiri mwiniwake anachita kuzichotsa dala. Ku Germany sizachilendo: makampani a BMW ndi Mercedes-Benz amalola wogula kupempha kuti galimoto ituluke m'fakitale yopanda manambala a mtundu wake. Ena amabisa zoti injini ndi yaing'ono, pamene ena, a ndalama zenizeni, safuna kudzionetsera.

Zilembo zambiri masiku ano n'zomata ndi tepi ya guluu mbali zonse ziwiri. Zitenthetseni ndi chowumitsira tsitsi mpaka guluuyo afewe. Kenako lowetsani ulusi wa nayiloni wowedzera nsomba kuseri kwa chilembo n'kumaukoka uku ndi uku ngati mukucheka ndi sowo. Mpeni ayi ndithu, mungapale penti. Guluu wotsala mumukulunge ndi chala pang'onopang'ono, wokakamirayo mupukute ndi mankhwala osungunula guluu, mukatero mutsuke n'kupaka polishi.

Chizindikiro cha kampani chapakati pa buti chokhacho chisiyeni. Kawirikawiri chimakhala ndi timisomali tolowa m'chitsulo, ndiye mukachizula mutsala ndi mabowo olowetsa madzi amvula.

Kwa ine, ngati n'kuchotsa, chotsani galimoto ikadali yatsopano. Pa zakale zochokera ku Japan zadzaza m'misewu yathuzi, dzuwa linasulutsa kale penti wozungulira zilembozo, moti mukazichotsa dzinalo limatsala likuwerengeka bwinobwino, ndipo nthawi zina ngakhale polishi amalephera kulifufuta.