Samu Imodzi, Mayankho Awiri: Kodi Timayambira Pati Powerengetsa?

Lembani samu iyi papepala, 2 + 3 × 4, ndipo muipereke kwa anthu amene akudikira basi pa depoti. Ena adzayankha kuti 20, ena adzati 14, ndipo aliyense adzakhala wokonzeka kulumbira kuti yankho lake ndilo lolondola. Oyankha 20 awonkhetsa 2 ndi 3 napeza 5, kenaka achulukitsa 5 uja ndi 4. Oyankha 14 ayamba kuchulukitsa 3 ndi 4 napeza 12, kenaka awonjezapo 2. Palibe amene walephera kuwonkhetsa kapena kuchulukitsa. Asiyana pa funso limodzi lokha: m'samu yokhala ndi zizindikiro zosiyanasiyana, kodi tiyambe ndi chiti?

Yankho limene akatswiri a masamu padziko lonse amavomereza ndi 14, chifukwa pali lamulo lakuti kuchulukitsa ndi kugawa zichitike tisanawonkhetse kapena kuchotsera. Ana a sukulu ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa amalidziwa lamuloli ndi dzina lakuti BODMAS. Ambiri amaloweza dzinalo ngati nyimbo, koma akakumana ndi samu yeniyeni amapunthwabe. Nkhaniyi siithera m'kalasi ayi. Imafika m'kaundula wa banki m'khonde, m'mabuku a kalabu ya alimi ndiponso m'makompyuta a m'maofesi, kumene kulakwitsa dongosolo kungasowetse ndalama ndi kudanitsa anthu.

Lamulo limene mayi wa pamsika amalidziwa kale

Anthu ambiri amaganiza kuti lamuloli lidangopekedwa ndi aphunzitsi pofuna kuzunza ana. Komatu aliyense wogula ndi kugulitsa amalitsatira tsiku ndi tsiku osadziwa kuti lili ndi dzina. Tiyerekeze kuti mayi wagula botolo la mafuta ophikira pa K4,000 ndi mapaketi atatu a mchere pa K1,000 paketi iliyonse. Samu yake ndi 4,000 + 3 × 1,000. Mayiyo sazengereza: amapeza kaye mtengo wa mchere, K3,000, nauwonjeza pa mtengo wa mafuta, ndipo amalipira K7,000. Munthu wongotsata manambala kuchokera kumanzere kupita kumanja akhoza kuwonkhetsa 4,000 ndi 3, nachulukitsa 4,003 ndi 1,000, n'kupeza K4,003,000. Palibe mwini golosale amene angayerekeze kutchula mtengo wotere.

Chifukwa chake n'chakuti kuchulukitsa ndi njira yachidule yowonkhetsera zinthu zofanana. Tikalemba 3 × 4 tikutanthauza milu itatu ya tomato, mulu uliwonse wa tomato anayi, ndiye kuti 4 + 4 + 4. Motero 2 + 3 × 4 ndi tomato awiri apambali pamodzi ndi milu itatu ija: 2 + 4 + 4 + 4, zimene zikupereka 14. Nambala 3 ija ikuwerenga milu, pamene 2 akuwerenga tomato. Kuziwonkhetsa ziwirizi kuli ngati kuphatikiza mbuzi ndi makola ake.

Pali phindu linanso. Kaya mayi uja wayamba kugula mchere kaya mafuta, ndalama yolipira ndi yomweyo. Lamuloli limasunga choonadi chimenechi: 2 + 3 × 4 ndi 3 × 4 + 2 zonse zimapereka 14. Tikadati tizingoyenda kuchokera kumanzere, samu yoyambayo ikadapereka 20 ndipo yachiwiriyo 14, ngakhale katundu wogulidwa ali yemweyo.

Mmene zizindikiro zidabwerera

Zizindikiro za masamu zimene timazitenga ngati zachikhalire zili ndi zaka mazana ochepa chabe. Zizindikiro za + ndi − zidaoneka koyamba m'buku losindikizidwa mu 1489, lolembedwa ndi Johannes Widmann ku Leipzig. Robert Recorde wa ku Wales adayambitsa chizindikiro cha = mu 1557. William Oughtred wa ku England adafalitsa chizindikiro cha × mu 1631, ndipo Johann Rahn wa ku Switzerland adagwiritsa ntchito ÷ pogawa mu 1659. Kale anthu ankafotokoza masamu m'mawu, ndipo mawuwo ankasonyeza okha choyamba kuchitika. Masamu atayamba kulembedwa m'zizindikiro zokhazokha, padafunika mgwirizano wa kawerengedwe kake, monga momwe oyendetsa galimoto m'dziko limodzi amagwirizanirana mbali ya msewu yoyendamo.

Mgwirizanowo sudabwere tsiku limodzi. Mfundo yakuti kuchulukitsa kutsogole kuwonkhetsa idakhazikika msanga pakati pa olemba aljebra. Koma Florian Cajori, polemba mbiri ya zizindikiro za masamu mu 1928, adaonetsa kuti pa nthawi imeneyo olemba mabuku anali asanagwirizanebe za chimene chiyenera kuyamba pamene kugawa ndi kuchulukitsa zakumana m'samu imodzi. Mawu othandiza kukumbukira ngati BODMAS adabwera pambuyo, m'mabuku a sukulu.

Msampha umene uli m'dzina

Zilembo za BODMAS zikuimira mawu a Chingerezi. B ndi mabulaketi. O ndi Of kapena Orders, kutanthauza gawo la chinthu monga theka la 8, kapenanso nambala yodzichulukitsa yokha monga 3². D ndi kugawa. M ndi kuchulukitsa. A ndi kuwonkhetsa. S ndi kuchotsera. Mwana akaona zilembo zisanu ndi chimodzi amaganiza kuti pali makwerero asanu ndi limodzi. Kunena zoona, makwererowo ndi anayi okha. Choyamba ndi zimene zili m'mabulaketi. Chachiwiri ndi manambala odzichulukitsa okha, kotero 2 × 3² ndi 18, osati 36. Chachitatu ndi kugawa ndi kuchulukitsa, zimene zili ndi mphamvu zofanana ndipo zimachitika kuchokera kumanzere kupita kumanja. Chachinayi ndi kuwonkhetsa ndi kuchotsera, zimenenso zili zofanana mphamvu ndipo zimatsata njira yomweyo.

Onani zimene zingachitike pa banki m'khonde. M'bokosi muli K100,000. Membala wina wakongola K30,000, ndipo wina wabweza K20,000. Mlembi alemba 100,000 − 30,000 + 20,000. Kuchokera kumanzere, tichotsa 30,000 kutsala 70,000, tiwonjezapo 20,000 kukhala K90,000, ndipo ndizo ndalama zimene zili m'bokosimo. Koma mlembi amene adaloweza kuti A amabwera S asanafike awonkhetsa kaye 30,000 ndi 20,000, nachotsa 50,000, n'kulemba kuti m'bokosi muli K50,000. Buku ndi bokosi zasiyana ndi K40,000. Pa tsiku logawana, kusiyana kotereku kumadzetsa manong'onong'o, ndipo msungichuma wosalakwa akhoza kuipitsidwa mbiri m'mudzi monse.

Umboni wina wakuti dzinalo silo lamulo ndi wakuti maiko ena ali ndi mayina ena. Ku United States ana amaloweza PEMDAS, m'mene M wa kuchulukitsa amatsogola D wa kugawa. Ku Canada amati BEDMAS, ndipo masukulu ena ku Britain amati BIDMAS. Ngati mwana wa ku Lusaka ndi mnzake wa ku Chicago atangotsata zilembo pa samu ya 24 ÷ 4 × 3, woyambayo apeza 18, wachiwiriyo apeza 2. Yankho lolondola kwa onse awiri ndi 18, osati chifukwa D ali patsogolo, koma chifukwa kugawako ndiko kuli kumanzere. Ku Germany ana amaphunzitsidwa kuti kadontho kamatsogola kamzere, popeza kumeneko kuchulukitsa ndi kugawa amazilemba ndi timadontho, pamene kuwonkhetsa ndi kuchotsera ndi timizere. Mawu amenewo ali ndi ubwino wake: amaika zizindikirozo ziwiriziwiri, monga momwe lamulo likufunira. Nawonso ana a ku Tete, amene amaphunzira m'Chipwitikizi, amatsata lamulo lomweli.

Samu imene idagawa dziko

Mu 2019 samu ya 8 ÷ 2(2 + 2) idafala pa Twitter ndi pa Facebook, ndipo anthu ochuluka adatsutsana ngati yankho lake lili 16 kapena 1. Onse adagwirizana kuti za m'mabulaketi zikupereka 4. Ena adayenda kuchokera kumanzere: 8 ÷ 2 ndi 4, ndipo 4 × 4 ndi 16. Ena adati nambala yogundana ndi bulaketi popanda chizindikiro pakati imamatirira ku bulaketiyo, monga zimakhalira kawirikawiri mu aljebra, kotero 2(4) ndi 8, ndipo 8 ÷ 8 ndi 1. Steven Strogatz, katswiri wa masamu pa yunivesite ya Cornell, adalemba za mkanganowu mu nyuzipepala ya New York Times. Adafotokoza kuti lamulo la kusukulu limapereka 16, komanso kuti samuyo idalembedwa mosokoneza, ndipo mabulaketi owonjezera akadathetsa mkangano wonse.

Phunziro lake n'lofunika kwa wolemba aliyense. Amene akufuna 16 alembe (8 ÷ 2) × (2 + 2). Amene akufuna 1 alembe 8 ÷ (2 × (2 + 2)). Udindo woyamba uli kwa wolemba samu, osati kwa woiwerenga.

Makina nawo sagwirizana

Ena amati masiku ano kuli mafoni ndi makakyuleta, ndiye lamuloli n'lachiyani? Yesani nokha. Kakyuleta wamba, ya mabatani akuluakulu imene imapezeka m'magolosale, imawerengetsa nthawi yomweyo batani likangodinidwa, kotero 2 + 3 × 4 imapereka 20. Kakyuleta ya sayansi, imene ana a sekondale amagwiritsa ntchito, imadikira samu yonse ndipo imapereka 14. Pa kompyuta ya Windows makakyuleta onse awiri alipo m'pulogalamu imodzi, ndipo mayankho ake amasiyana chimodzimodzi. Ogwira ntchito ndi Microsoft Excel adziwenso kuti akalemba =-3^2 pulogalamuyo imapereka 9, pamene m'buku la masamu −3² ndi −9. Makina amachita zimene adakonzedwera. Munthu ndiye ayenera kudziwa chimene akufunsa.

Taganizirani za alimi asanu amene agulitsa mtedza pamodzi pa K900,000, ndipo alipira K150,000 ya galimoto yonyamula. Gawo la aliyense ndi (900,000 − 150,000) ÷ 5, kapena kuti K150,000. Mlembi akaiwala mabulaketi pa kompyuta, makinawo agawa kaye 150,000 ndi 5, nachotsa 30,000 pa 900,000, n'kuonetsa K870,000. Amene amamvetsa nkhani ya samuyo aona msanga kuti alimi asanu sangalandire K870,000 aliyense kuchokera pa K900,000.

Zimene mphunzitsi angachite

Aphunzitsi a m'chigawo chino amagwira ntchito movutikira. Malawi itayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo makalasi adadzaza. Zambia idachita zofanana mu 2002. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa mu 2007, amene adayesa ana a chaka chachisanu ndi chimodzi cha pulayimale, Zambia ndi Malawi zidali kumapeto pa masamu. M'kalasi la ana ochuluka, kuimbitsa BODMAS n'kosavuta kusiyana ndi kufotokoza. Vuto lina ndi la chilankhulo: dzinalo ndi la Chingerezi, ndipo limafika kwa mwana amene akadali kulimbana ndi Chingerezicho.

Komabe pali njira zosafuna ndalama. Yoyamba ndi kuyamba ndi nkhani, chizindikiro chibwere pambuyo. Ana aunjike timiyala kapena zitsekerero za mabotolo m'milu itatu ya zinayizinayi, aike ziwiri pambali, awerenge, kenaka alembe samu yake. Angathenso kupatsidwa samu monga 500 + 2 × 300 kuti apeke nkhani ya kumsika yogwirizana nayo, m'chilankhulo chawo.

Yachiwiri ndi kuwaphunzitsa kuyang'ana samu yonse asanagwire pensulo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zizindikiro za + ndi − zili ngati malire a minda: zimadula samu m'zigawo. Pa 20 − 12 ÷ 4 + 2 × 5, mwana adule mzere kunsi kwa 12 ÷ 4 ndi kunsi kwa 2 × 5, amalize zigawozo, kenaka alembe 20 − 3 + 10 ndi kupeza 27.

Yachitatu ndi kulemba BODMAS pa bolodi ngati makwerero anayi, D ndi M pa mzere umodzi, A ndi S pa mzere umodzi, ndi muvi woloza kumanja pambali pake.

Yachinayi ndi sewero la mabulaketi. Apatseni ana 2 + 3 × 4 − 1 ndipo apikisane kupeza mayankho osiyana pongosuntha mabulaketi. Popanda mabulaketi yankho ndi 13; (2 + 3) × 4 − 1 ndi 19; 2 + 3 × (4 − 1) ndi 11; (2 + 3) × (4 − 1) ndi 15. Mwana amene wasewera motere amazindikira kuti mabulaketi ndi chida chake chonenera zimene akufuna.

Pomaliza, mphunzitsi asamale kalembedwe ka chizindikiro cha =. Ana ambiri amalemba 3 × 4 = 12 + 2 = 14, ngati kuti chizindikirocho chikutanthauza kuti "kenaka". Komatu 3 × 4 sizifanana ndi 12 + 2. Sitepe iliyonse ilembedwe pa mzere wakewake, samu yonse ikubwerezedwa.

M'mera mpoyamba. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake milu imawerengedwa kaye sadzavutika akadzakumana ndi 2 + 3x ku Fomu 1, popeza adzadziwa kuti 3x ndi mulu umodzi womangidwa kale. Nawo makolo angathandize pofunsa mwana kuti afotokoze chifukwa chimene wayambira pamene wayambirapo, m'malo mongofunsa yankho. Ndipo mlembi wa gulu lililonse losunga ndalama, akakayika ngati anzake amva bwino samu imene walemba m'kaundula, aikemo mabulaketi asanatseke buku.