Khutu limayamba ntchito mwana asanamve liwu lililonse

Mbewa ikangobadwa siimva kanthu. Pamapita masiku pafupifupi 12 kuti iyambe kudzidzimuka ndi phokoso. Mlimi amene anafukulapo una n'kupeza tiana tofiira topanda ubweya amadziwa kuti timabadwa tisanakhwime. Chimene sangachione ndi maso n'chakuti m'masiku achetewo m'kati mwa khutu la kamwanako mumakhala kalikiliki: mitsempha ikumera, ikulumikizana, ndipo ikutumiza kale mauthenga ku ubongo ngakhale palibe liwu limene lafika.

Kwa munthu, ntchito yomweyi imachitikira m'mimba mwa mayi. Imayamba m'miyezi ija imene amayi ambiri m'chigawo chino amakhala akubisabe pakati, asanayambe sikelo.

Kankhono ka m'kati mwa mutu

Khutu looneka kunjali ndi khomo chabe. Kumva kwenikweni kumachitikira m'kati mwa fupa la mutu, m'kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, kosaposa njere ya mtedza kukula kwake. Madokotala amakatcha cochlea. M'kankhonomu muli madzi ndiponso maselo okhala ndi tiubweya pamwamba pake. Liwu likalowa m'khutu limagwedeza kachikopa kopyapyala konga ka ng'oma, timafupa titatu timapititsa kugwedezekako kumadzi aja, tiubweya timawerama, ndipo selo limapatsira uthenga ku mtsempha wopita ku ubongo.

Khutu lililonse lili ndi maselo otumiza uthenga pafupifupi 3,500 okha, enanso pafupifupi 12,000 amene ntchito yawo ndi kukweza mawu apansipansi, ndi timitsempha pafupifupi 30,000. Maselowa anandandalikidwa ngati timatabwa ta mangolongondo: a pakhomo pa kankhono amamva mawu osongoka monga mluzu, a kunsonga amamva mawu aakulu monga kugunda kwa bingu. Kamtsempha kalikonse kayenera kupeza selo lake, ndipo mbali inayo kayenera kukafika pamalo oyenera mu ubongo. Zikasokonekera, munthu akhoza kumamva phokoso koma osatolapo mawu.

Chiyambi cha khutu chimaoneka m'sabata yachinayi ya pakati, mayi mwina asanatsimikize n'komwe kuti waima. Pofika mwezi wachitatu kankhono kamakhala katapiringizika ndipo mitsempha yafika pa maselo aubweya aja. Koma mwana amayamba kusonyeza kuti wamva phokoso cha m'mwezi wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi. Kodi pakati pa nthawi ziwirizi mitsemphayo imangodikira?

Kuyeserera mwakachetechete

Yankho linamveka bwino mu 2007, pamene Nicolas Tritsch, Dwight Bergles ndi anzawo a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America anafalitsa zimene anapeza m'makutu a tiana ta makoswe. Pafupi ndi maselo aubweya pamakhala kagulu ka maselo ena a kanthawi chabe, kamene kamadziwika ndi dzina la Albert von Kölliker, katswiri wa ku Switzerland wa m'zaka za m'ma 1800. Ofufuzawo anapeza kuti maselo amenewa amatulutsa okha mankhwala otchedwa ATP nthawi ndi nthawi. Mankhwalawo amadzutsa maselo aubweya oyandikana nawo, ndipo iwo amatumiza uthenga m'mitsempha ngati kuti amva liwu.

Chofunika apa n'chakuti maselo amene amadzuka pamodzi ndi oyandikana, amene m'tsogolo adzamva mawu ofanana. Mwa njira imeneyi ubongo umaphunziriratu kuti mitsempha iyi ndi ya pamodzi, iyo ndi ya kwina. Zili ngati oimba ng'oma amene akukunga ndi kuyesa ng'oma zawo gule asanayambe, bwalo likadali lopanda anthu.

Nthawi yomweyo mumachitika zimene mlimi aliyense angazizindikire. Poyamba mitsempha imamera nthambi zochuluka, zina n'kukagwira maselo osayenera. Kenako thupi limapatulira, monga amachitira ndi chimanga chikamera chambiri paphando: nthambi zosokera zimafota, zotsalazo zimalimba. Pamapeto pake pafupifupi timitsempha 95 mwa 100 tilitonse timakhala pa maselo 3,500 aja. Kumva kukayamba, maselo a Kölliker amakhala atatsiriza ntchito yawo ndipo amazimirira.

Zambiri mwa izi zinaonedwa pa mbewa ndi makoswe chifukwa makutu awo amakhwima atabadwa kale, pamene ofufuza angathe kuwafikira. Khutu la mwana wa munthu nalo limakhala ndi maselo a Kölliker likamakula m'mimba.

Pali chinthu chimodzi chowawa pa nkhaniyi. Nkhuku kapena nsomba ikaonongeka maselo aubweya, ena amameranso. Kwa munthu samera. Amene mwana wabadwa nawo ndi omwewo amene adzakalambe nawo.

Mchere, katemera ndi sikelo

M'mera mpoyamba, ndipo apa ndi pamene nkhani ya mbewa za m'nyumba zofufuzira ikufika pamudzi. Kuti khutu likhwime pa nthawi yake, pamafunika timadzi tochokera m'kachiwalo ka pakhosi, kaja kamatupa munthu akadwala chithokomiro. Timadzi timeneti sitipangika popanda ayodini, ndipo m'miyezi yoyambirira mwana amadalira ta mayi ake. Pa makoswe osowa timadziti, maselo a Kölliker amachedwa kuchoka ndipo khutu limatsalira pa ukhanda. Kwa anthu, madera osowa kwambiri ayodini akhala akudziwika kuyambira kale ndi ana obadwa osamva ndi osalankhula. N'chifukwa chake malamulo a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amafuna kuti mchere wodya ukhale wothira ayodini. Mchere woterowo uyenera kusungidwa m'chotengera chovindikira, kutali ndi chinyezi ndi moto. Kumene anthu amadalira chinangwa chowawa, kuchiviika mokwanira n'kofunikanso, chifukwa poizoni wotsalira m'chinangwa amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito ayodini wochepa amene lapeza.

Mdani wina ndi rubella, matenda ofanana ndi chikuku koma opepuka, moti mayi akhoza kungomva kutentha thupi ndi kuona tiziphuphu kwa masiku atatu n'kuiwala. Akamugwira m'miyezi itatu yoyamba, kachilombo kake kamafika kwa mwana khutu likuumbidwa, ndipo kusamva ndicho chilema chimene chimatsatira kawirikawiri. Zambia inayamba kupereka katemera wophatikiza wa chikuku ndi rubella mu 2016, Malawi mu 2017. Mayi woyembekezera sabayidwa katemerayu. Chomuteteza ndicho kulandira iye mwini akadali mwana, ndiponso kuti ana a m'mudzi mwake akhale obayitsa kuti matendawo asapeze podutsa.

Chindoko nacho chimatha kugonthetsa mwana, koma chimapezeka poyeza magazi kusikelo ndipo chimachizika ndi jakisoni wa penisilini. Mankhwala ena amphamvu, monga streptomycin, amatha kuononga khutu la mwana wosabadwa. Choncho mayi amene akuganiza kuti waima ayenera kuuza dokotala asanalandire mankhwala aliwonse, ngakhale apongozi ake asanadziwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi ayambe sikelo pakati pasanapitirire masabata 12. Woyamba sikelo mimba itaonekera kale amakhala atadutsa nyengo imene zambiri mwa izi zikanapewedwa.

Si kusamva konse kumene kungapewedwe. Ana ambiri amabadwa osamva chifukwa cha chibadwa chochokera kwa makolo onse awiri, ngakhale makolowo akumva bwinobwino. Mayi wa mwana wotere sanalakwe kanthu, ndipo si nkhani ya kulodzedwa kapena kuswa mwambo. Komabe WHO imati pafupifupi 60 mwa ana 100 aliwonse a vuto la kumva anafika pamenepo chifukwa cha zinthu zopeweka, kuphatikizapo zobwera atabadwa kale: chikasu chachikulu cha khanda, matenda oumitsa khosi, ndi mafinya a m'khutu olekereredwa.

Mwana akabadwa

Khanda limabadwa likudziwa kale mawu a mayi ake. Ofufuza a ku America anaonetsa zimenezi mu 1980 pa makanda a masiku osaposa atatu. Ubongo umene unayeserera m'chete tsopano umafuna mawu enieni, ndipo ukapanda kuwalandira m'zaka zoyambirira, kuphunzira kulankhula kumavuta kwambiri. Akatswiri amalangiza kuti mwana ayezedwe makutu asanathe mwezi umodzi, vuto litsimikizike pofika miyezi itatu, ndipo thandizo liyambe pofika miyezi isanu ndi umodzi. Kuyezako sikupweteka: kachipangizo kamaikidwa m'khutu mwana ali m'tulo, n'kumvetsera kaphokoso kamene khutu labwino limabweza lokha, kamene David Kemp anakatulukira ku London mu 1978.

Zipatala zambiri za kumidzi zilibe chipangizochi, ndiye maso a makolo ndi a alangizi a zaumoyo ndiwo otsala. Kodi khanda limadzidzimuka chitseko chikamenyetseka? Pofika miyezi isanu ndi umodzi, kodi limatembenuka likaitanidwa ndi munthu amene silikumuona? Pofika miyezi isanu ndi inayi, kodi layamba kubwereza "bababa" kapena "mamama"? Mwana wosamva naye amalira, amaseka ndiponso amatulutsa timawu m'miyezi yoyamba, ndipo zimenezi zimanamiza makolo ambiri mpaka mwana atakwanitsa zaka zitatu.

Wokayikiridwa atumizidwe msanga. Ku Malawi kuli zipatala zoyeza makutu pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa African Bible College ku Lilongwe. Ku Zambia kuli chipatala cha Beit CURE ku Lusaka. Ena amathandizika ndi zipangizo zokweza mawu. Kwa amene sizingawathandize pali chinenero chamanja, chimene mwana amachitola msanga ngati a m'banja mwake ayamba kuchiphunzira naye akadali wamng'ono, ndipo pali sukulu za ana osamva monga ya Maryview ku Chiradzulu, ya Mua ku Dedza ndi ya Embangweni ku Mzimba.