Mpingo Ukakumba Mjigo, Mwini Wake Ndani?

Mipingo idayamba kale ntchito za chitukuko m'chigawo cha Mwanza. Ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Neno m'chaka cha 1906, ndipo a Seventh-day Adventist adakhazika mishoni ya Matandani mu 1908, kumene m'kupita kwa nthawi anyamata ankaphunzira ukalipentala ndi umisiri wina. Malo awiriwa adali m'boma la Mwanza kufikira pamene Neno idakhala boma palokha. Bungwe la Christian Service Committee, limene mipingo idakhazikitsa mu 1968, nalonso lidathandiza midzi yambiri m'dziko muno ndi zitsime ndi nyumba zophunziriramo.

Tiyenera kuthokoza. Komabe pali funso limene anthu a kwa Mfumu Kanduku, ndi ife tonse, tiyenera kuliyankha mosabisa: mpingo ukakumba mjigo, abusa napemphera, alendo nakwera galimoto kubwerera kwao, mwini wake wa mjigowo ndani?

Mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yathu yambiri, udayambira m'Malawi momwe muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Adaukonza dala kuti anthu a m'mudzi athe kuumasula okha ndi kusintha timphira tikatha. Timphirato si todula. Koma pamene palibe komiti ndi thumba la ndalama, mjigo umangokhala chiimire, amayi nabwerera kumtsinje kumene kumwera ng'ombe, ndipo matenda otsegula m'mimba amabwerera nawo limodzi. Ana odwala sapita kusukulu. Mphunzitsi aliyense akudziwa zimenezi poitana maina m'mawa.

Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wothandiza wochokera kutali ndiye mameyo. Amene sachoka ndi mpingo wa m'mudzi momwemo: akulu a mpingo, amayi a Mvano, makatekisiti ndi mphakati. Anthu amenewa amasonkhana sabata ndi sabata, amadziwa kulemba zopereka m'buku ndi kuwerengera ndalama poyera. Luso lomwelo ndi limene mjigo ukusowa.

Tsono pempho lathu kwa akuluakulu a boma ndi ili: musalole ntchito kuyambika mfumu isanavomere, komiti isanasankhidwe, ndi anthu asanaphunzitsidwe kukonza. Kwa atsogoleri a mipingo tikuti madzi sayang'ana chipembedzo. Mkatolika, wa CCAP, wa Sabata, Msilamu ndi amene sapemphera atunge pamodzi ndi kusonkha pamodzi. Kwa aphunzitsi tikuti lowani m'makomiti amenewa, pakuti ndinu odziwa cholembera.

Alimi a ku Mwanza amapeza ndalama nyengo ya manachesi. Imeneyo ndiyo nthawi yosonkha za mjigo, osati dzinja litafika, nkhokwe zili mbee. Mudzi umene uchita zimenezi udzamwabe madzi abwino alendo atapita.