Obira a ku Salima ndi Chitunda cha ku Dowa

Anthu a ku Mvera ndi pa Chezi anazolowera kuona magalimoto ochokera ku Salima akulira pa chitunda, atasenza usipa, mpunga ndi alendo obwerera ku Lilongwe. Ochepa ndi amene amadziwa kuti mapiri awo omwewo amakhudza ntchito ya anthu obira pansi pa nyanja. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Msewu wa M14 ukangosiya chigwa cha Salima umayamba kukwera, ndipo pofika m'mapiri a Dowa munthu amakhala atapitirira mamita 1,000. Phiri la Ntchisi ndiye limaposa mamita 1,600. Wogulitsa nsomba akamakwera amangomva makutu kutsekeka. Koma munthu amene m'mawa anali mamita 30 pansi pa madzi, ulendo womwewo ungamuumitse miyendo.

Obira a ku Malawi si ambiri, koma ntchito zawo n'zosiyanasiyana. Alipo alangizi amene amaphunzitsa alendo ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear. Alipo asilikali a pamadzi a ku Monkey Bay, amene amaitanidwa kukasaka anthu boti likatembenuka. Alipo ofufuza, monga Ad Konings wa ku Netherlands, amene wakhala akujambula nsomba za m'nyanjayi kwa zaka zambiri. Koma amene amabira kuti ana adye ndi ogwira nsomba zokongoletsa.

Ntchito imeneyi inakhazikika ku Salima chifukwa cha Stuart Grant, Mngelezi amene anayamba kutumiza nsomba zamoyo kunja m'zaka za m'ma 1970 ndipo anamanga malo ake ku Kambiri Point. Iye anamwalira mu 2007, koma malondawo sanafe naye. Mbuna zamawangamawanga zimene msodzi sangaziwerengere pa mtengo, ku Ulaya zimasungidwa m'magalasi pabalaza. Ozigwira nthawi zambiri sabereka silinda kumsana. Kompuresa imatsala m'boti ikupopa mpweya, munthu n'kumapuma kudzera m'paipi yaitali kwinaku akukusira nsomba mu ukonde waung'ono pakati pa miyala. Nsomba ya m'madzi akuya saitulutsa tsiku lomwelo, poti mpweya wa m'mimba mwake ungafufume n'kuipha. Amaiika mu mgolo wolendewera m'madzi n'kumaukweza pang'onopang'ono, mwina kwa masiku angapo. Thupi la woigwirayo limafunanso kuleza mtima komweko, kungoti munthu amakhala ndi zomuthamangitsa.

Nkhani yonse yagona pa nayitirojeni. Mu mpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 ndi nayitirojeni, ndipo 21 ndi okosijeni. Pamtunda nayitirojeni amangolowa n'kutuluka. M'madzi zimasintha, chifukwa mamita 10 aliwonse amawonjezera kulemera kofanana ndi mpweya wonse wa mumlengalenga, moti pa mamita 30 thupi limapanikizidwa kanayi. Pamenepo nayitirojeni amasungunukira m'magazi, m'minofu ndi m'mafuta. Munthu akakwera mwachifatse, mpweyawo umatuluka bwinobwino kudzera m'mapapo. Akakwera mothamanga zimachitika zimene botolo la Fanta limachita ukalitsegula utalikhutchumula: thovu. Timathovuto tikakhala m'mfundo, chigongono kapena phewa limapweteka mosaneneka. Tikakhala mumsana kapena mu ubongo, miyendo imachita dzanzi, mkodzo umakana kutuluka, ndipo ena sayendanso. Paul Bert wa ku France anafotokoza gwero la matendawa mu 1878, ndipo John Scott Haldane anatulutsa ndondomeko yoyamba yokwerera moimaima mu 1908. Lero wophunzira aliyense amauzidwa kuti asakwere mothamanga, ndiponso aime mphindi 3 pa mamita 5.

Obira ongosangalala malire awo ndi mamita 40. Kupitirira apo ndi kwa akadaulo, amene amanyamula masilinda angapo a mpweya wosakaniza mosiyanasiyana. Kuyambira pa mamita 30 nayitirojeni amaledzeretsa, munthu n'kumaseka yekha kapena kuiwala kuyang'ana geji. Cha pa mamita 66 okosijeni wa mu mpweya wamba amasanduka poizoni ndipo angagwetse munthu ngati wakhunyu, chopumira n'kuchoka pakamwa. N'chifukwa chake akadaulowa amasakaniza heliyamu, mpweya wodula umene umachokera kunja. Nyanja yathu kuya ili nako kokwanira, mpaka mamita pafupifupi 700 kumpoto, koma pansi pa mamita 250 kulibe okosijeni ndipo kulibe nsomba yoti munthu aitsatire.

Kumene ntchitoyi imafika pachimake ndi ku Boesmansgat, phanga lodzaza madzi m'chigawo cha Northern Cape ku South Africa. Mu 1996 Nuno Gomes anafika mamita 282 kumeneko, ndipo kukwera kwake kunatenga pafupifupi theka la tsiku. Pa 8 Januwale 2005 Dave Shaw wa ku Australia anafera pa mamita 270 akuyesa kutulutsa mtembo wa Deon Dreyer, mnyamata amene anatsalira m'phangamo mu 1994. Mnzake Don Shirley anatuluka wamoyo, koma thovu linamulowa m'khutu lamkati moti anavutika nthawi yaitali kuti ayendenso bwino. Chimene chimawonjezera kuopsa kwa phangali n'chakuti lili pa mamita pafupifupi 1,500, msinkhu wa mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Pamalo okwera mpweya ndi wopepuka, choncho wotuluka m'madzi amamasulidwa kwambiri kusiyana ndi wa ku Beira kapena ku Durban. Dokotala Albert Bühlmann wa ku Zürich anakonza masamu apadera chifukwa cha nyanja za m'mapiri a ku Switzerland, ndipo ndi amene ali m'makompyuta ambiri amene obira amavala pamkono. Malo aliwonse opitirira mamita 300 amawerengedwa okwera. Ndiye kuti ku Senga Bay komwe, munthu asanalowe n'komwe m'madzi, ali kale m'gulu limeneli.

Tsono atuluke m'madzi masana, adye nsima, akwere minibasi ya ku Lilongwe. Pasanathe maola awiri wakwera mamita ena 700 kapena kuposa, nayitirojeni akadali m'thupi. Bungwe la Divers Alert Network limalangiza kudikira maola 12 munthu akabira kamodzi asanakwere ndege, maola 18 akabira kangapo kapena masiku otsatizana, ndi nthawi yoposa apo akabira mozama mofunika kuimaima. Malangizowa alendo amawasunga poopa ndege, koma chitunda cha ku Mvera amachiiwala chifukwa ndi msewu chabe. Magazi sadziwa kusiyanitsa ndege ndi minibasi. Wogwira mbuna naye akalandira uthenga wa maliro kwawo ku Mponela kapena ku Malomo, n'kovuta kuuza abale kuti afika mawa chifukwa cha mpweya umene suoneka.

Zoopsa zina n'zapafupi. Paipi yokokera mpweya ya kompuresa ikayandikana ndi utsi wa injini, wobira amapuma utsi wakupha wopanda fungo, ndipo amangomva mutu n'kukomoka ali pansi. Mafuta a injini ya kompuresa akatha, mpweya umathanso, munthu n'kuthamangira kumwamba, chinthu chenicheni chimene sayenera kuchita. Ukonde wotayika ndi asodzi umakola mwendo. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira, boti limavutika kuima pamalo amodzi. Palinso likodzo, limene limafala m'madzi osaya a kumwera kwa nyanja; mwayi wake, mankhwala a praziquantel amapezeka m'zipatala.

Matenda a thovu ndiwo amavuta, chifukwa amafanana ndi ena. Kutopa, kuphwanya m'thupi, mutu ndi chizungulire, aliyense kuno anganene kuti ndi malungo. Miyendo ikafooka mwadzidzidzi kwa mnyamata wamphamvu, kumudzi mawu a ufiti sachedwa. Dokotala wa pa chipatala cha Dowa kapena Ntchisi, amene odwala ake ambiri ndi alimi a fodya ndi soya, alibe chifukwa chofunsira ngati wodwala anali pansi pa madzi dzulo, pokhapokha wodwalayo kapena womuperekeza atanena. Zizindikiro zambiri zimaoneka m'maola 6 oyamba, ndipo pafupifupi zonse pasanathe tsiku.

Chithandizo choyamba ndi kugoneka wodwalayo, kumupatsa okosijeni weniweni wosasakaniza, ndi madzi akumwa ngati ali maso. Kumubwezera m'nyanja n'kuika moyo pachiswe. Chithandizo chenicheni ndi chipinda chachitsulo chimene amapanikiziramo wodwala ngati ali pa mamita 18, akupuma okosijeni kwa maola pafupifupi asanu. Zipatala za m'maboma zilibe chipinda chotere, ndipo odwala a m'chigawo chino cha Africa nthawi zambiri amatumizidwa ku South Africa. Njira yopita kumeneko kuchokera ku Salima imadzera m'mapiri omwe aja, chifukwa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi lili pa mamita oposa 1,200, ndipo ndegeyo iyenera kukhala yotha kusunga mpweya wa m'kati mwake ngati wa pansi. Mlendo wa ku Ulaya amabwera ndi inshuwalansi yolipira zonsezi. Wogwira mbuna amadalira abwana ake ndi lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la mu 2000, limene limayamba kugwira ntchito munthu atavulala kale.