Maalasa, Maganizo ndi Tizilombo ta M'matumbo

Omvera athu, mukaima m'mawa pamzere wa pachipatala chaching'ono cha Kawale kapena cha ku Area 25 mu Lilongwe, mawu amene mumve kawirikawiri ndi akuti "maalasa". M'mimba mukuotcha, pamtima pakutentha, nsima siikulowa. Mukafunsa kuti zinayamba bwanji, ambiri amayankha kuti, "Ndimaganiza kwambiri." Lendi yakwana, wakatapila akugogoda, maganyu asowa, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndalama inasiya kugula zimene inkagula. Wodwala amalandira mankhwala oziziritsa m'mimba n'kubwerera kwawo, za maganizo zija osakambidwa. Ife tikuti mayi amene akuloza kumutu pomwe kukupweteka ndi m'mimba akunena zoona, ndipo tamunyalanyaza nthawi yaitali.

Alipo amene angatsutse, ndipo ali ndi mfundo. Mu 1982 madokotala awiri a ku Perth ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kamene kamayambitsa zilonda za m'mimba zambiri, ndipo mu 2005 analandira mphoto ya Nobel. Mankhwala opha ululu monga brufen ndi asipirini amathanso kuboola zilonda. Zonsezi n'zoona. Koma anthu ochuluka amakhala ndi kachilomboka moyo wawo wonse osatuluka chilonda, ndipo chivomezi chitagwedeza mzinda wa Kobe ku Japan mu 1995, madokotala kumeneko anaona odwala zilonda zotuluka magazi akuchuluka. Kachilombo kanalipo kale, mantha ndi amene anali atsopano. Komanso ambiri odandaula maalasa akaunikidwa sapezeka ndi chilonda, pomwe ululu wawo ndi weniweni.

Ubongo ndi matumbo zimatumizirana mauthenga usana ndi usiku kudzera mu mtsempha wa vagus ndiponso m'magazi. Munthu akakhala pa nkhawa miyezi yambiri, thupi limatulutsa cortisol, kayendedwe ka chakudya m'matumbo kamasokonekera, khoma la matumbo limafooka, ndipo mitundu ya tizilombo tabwino tokhala mmenemo imasintha. Uthenga umabwereranso: pafupifupi 90 peresenti ya serotonin wa m'thupi amapangidwira m'matumbo, ndipo mu 2004 Nobuyuki Sudo ku Japan anaonetsa kuti mbewa zoleredwa popanda tizilombo m'matumbo zimatulutsa mahomoni a nkhawa mopitirira muyeso zikapanikizika. Umboni wina unachokera kwathu kuno. Mu 2013 gulu la Jeffrey Gordon ndi Mark Manary linafalitsa zimene linapeza pa mapeyala 317 a mapasa a m'Malawi. Tizilombo ta mwana wodwala kwashiorkor titaikidwa m'mbewa zodya chakudya cha kuno, mbewazo zinaonda. Inde, mbewa si munthu, ndipo wina akakuuzani kuti chakudya chakutichakuti chimachiza matenda a maganizo, wapitirira pamene umboni wafika.

Tikumbutsane, omvera: nkhawa imavulaza matumbo, matumbo ovulala amavutitsa mutu, ndipo pakati pali tizilombo timene timadya zimene ife tadya. Apa ndi pamene thobwa limatichititsa chidwi. Mayi wa ku Chinsapo amaphika phala madzulo, amadikira lizizire mpaka chala chipirire, kenako amathira chimera cha mawere n'kutakasa. Phala lolimba lija limasungunuka iye akuona, chifukwa chimera chikuphwanya ufa kukhala shuga. Amavundikira ndowa, ndipo pamene thobwa likukhala, tizilombo ta mtundu womwewo umene umasasitsa chambiko timayamba ntchito yake. Tsiku loyamba n'lotsekemera, lachiwiri layamba kuwawasa, ndipo mayiyu amadziwa ndi lilime lokha kuti lafika pati. Ntchito imeneyi agogo ake ankaigwira pa zinkhoswe ndi pa maliro dzina loti "probiotics" lisanamveke. Sitikuti thobwa ndi mankhwala, ndipo lothiridwa m'botolo losatsuka bwino likhoza kudwalitsa. Koma n'zomvetsa chisoni kuti mgaiwa, nyemba, bonongwe ndi nkhwani, zimene zimadyetsa tizilombo tabwino, timaziona ngati za osauka, pomwe makapisozi a amoxicillin ndi Flagyl timagula awiriawiri pagolosale m'mimba mukangowawa, n'kupha tabwino ndi toipa tomwe.

Tisaiwalenso matenda otsekula m'mimba. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Kafukufuku wa m'maiko ena amaonetsa kuti mwa anthu khumi amene anadwala kwambiri matenda otsekula m'mimba, mmodzi amatsala ndi m'mimba movuta kwa miyezi, makamaka amene anali kale pa nkhawa. Ku Mgona, ku Biwi ndi ku Area 23 anthu otere alipo, akumwa mankhwala a maganiziyamu mwezi ndi mwezi.

Tikupempha a zaumoyo: wodwala maalasa akabwera kachitatu, mufunseni ngati akugona tulo, mufunseni zimene zikumudya mumtima. Aphungu a zamaganizo asamapezeke ku Zomba ndi ku St John of God kokha, afike pa zipatala za m'makwalala athu. Inunso omvera, mukasanza magazi, mukachita chimbudzi chakuda kapena mukamaonda mosadziwika bwino, musanene kuti ndi maganizo chabe, thamangirani ku chipatala cha Kamuzu Central tsiku lomwelo.